Dzala la Lero Silili Ngati la Agogo

Lero tikambirane za malo amene nyumba iliyonse ili nawo koma palibe amene amapitako ndi mlendo. Ndikunena kuseri kwa nyumba, kudzala.

Ife amene tinakulira m'manja mwa agogo tikukumbukira zimene zinkapita kudzala masiku aja: makoko a nthochi ndi a nshawa, zitsononkho, phulusa la pamafuwa, masamba osesa pabwalo, dengu lotha, mphasa yong'ambika, mapale a mbiya. Zonsezi zinachokera m'nthaka ndipo zinkabwerera m'nthaka. Nkhuku zinkapalasa, chiswe chinkadya, mvula inkamaliza. Pofika Januwale dzala lija linkasanduka dimba losalima munthu, maungu atayanga, bonongwe ndi luni zili biriwiri, papaya atamera yekha. Dzungu la padzala ndilo linkakula kuposa onse. Choncho pamene amayi ankauza mwana kuti kataye kuseri, sikunali kusasamala ayi. Njira ija inali yoyenera zinyalala za nthawi ija.

Chimene chasintha ndi zinyalalazo. Pitani lero kuseri kwa nyumba yanu mukayang'ane bwino. Mukapeza timapepala ta shuga ndi mchere, tamapulasitiki tomwe a pakantemba amapimiramo saladi, matumba a pamela, mabotolo a maheu, mapepala a zokhwasula za ana, matewera ogula, nsapato za pulasitiki zoduka, mabatire a tochi, mwina ndi botolo la mankhwala a thonje. Walira mvula walira matope. Tinakondwa pamene sitolo inafika pafupi, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma katundu aliyense wa m'sitolo amabwera atavala chovala chake, ndipo chovalacho chiswe sichidya. Ife tikutayabe monga ankatayira agogo, pamene zimene tikutayazo agogo sanazione.

Nkhani yonse yagona pa chinthu chimodzi: kuleka kusakaniza. Zinyalala zikasakanikirana, zonse zimasanduka uve. Zikapatulidwa, mudzaona kuti zambiri ndi chuma, zina ndi zogulitsa, ndipo zotsala zoopsadi n'zochepa moti zikhoza kukwana m'saka imodzi.

Tiyambe ndi zowola, pakuti pakhomo la kumudzi ndizo zochuluka. Makoko, masamba, zotsala za ndiwo zamasamba, mapesi, makoko a nyemba ndi a soya, zitosi za nkhuku, ndowe za ng'ombe ndi za mbuzi, zonsezi ndi manyowa amene sanapse chabe. Sankhani malo a mthunzi, pansi pa mtengo wa mango pali bwino. Mukhoza kukumba dzenje lofika m'mawondo kapena kuunjika mulu pamwamba. M'chilimwe dzenje limasunga chinyontho, m'dzinja mulu ndiwo sukhala m'madzi. Pansi penipeni yalani mapesi odula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zaziwisi, kenaka ndowe kapena zitosi, kenaka phulusa pang'ono ndi dothi lapamwamba, ndi kuwaza madzi. Bwerezani motero mpaka mulu ufike m'chiuno kapena pachifuwa. Madzi asachuluke. Mukafinya m'manja zizimveka ngati nsalu yochapa imene mwaikamula kale. Madzi otsukira mbale, amene timangokhuthula pabwalo, akwanira pa ntchito imeneyi.

Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakapita masiku angapo muizule ndi kuigwira. Ikakhala yofunda, dziwani kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba ntchito yowoletsa, ndipo kutentha komweko kumapha mbewu zambiri za udzu. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi ndowe. Mulu ukanunkha ngati mazira owola, madzi achuluka ndipo mpweya wasowa, ndiye mutembenuze ndi kuonjezera zouma. Pakatha masabata atatu tembenuzani, zakunja zilowe mkati. M'miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi manyowa akuda, ofumbutuka, a fungo la dothi la m'nkhalango. Mafupa ndi zotsala za nyama musaikemo, zimaitana agalu ndi makoswe. Chimbudzi cha munthu kapena cha galu ayi. Kaufiti amene wachita maluwa musamuikemonso, chifukwa mbewu zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri, mudzangomufesa nokha m'munda mwanu.

Sindikunamizani kuti mulu umodzi udzalowa m'malo mwa feteleza wa munda wonse. Koma kudimba, ndi m'mapando a gamphani, manja awiri a manyowa amasintha mbewu. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, manyowa amakonza nthaka yeniyeniyo kuti izigwira madzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatiphunzitsa kusiyana kwa nthaka yosunga chinyontho ndi nthaka youma mvula ikangodula masiku ochepa. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona munthu m'mawa akusesa masamba, kuwaunjika, ndi kuwayatsa moto, madzulo ake n'kumadandaula za mtengo wa feteleza.

Tsopano mapulasitiki. Apa ndikhalitsapo pang'ono.

Chaka china tinali pamaliro, ndipo mbale wina anapereka mbuzi yoti iphedwe. Mbuziyo inali itaonda kwa miyezi, mimba yokha ili tumbi, kudya osadya. Mwini wake anali atayamba kale kuloza chala mnansi wake, ati anaipatsa mankhwala chifukwa inkalowa m'dimba mwake, ndipo mabanja awiriwo anali ataleka kupatsana moto. Anyamata atatumbula chifu anatulutsa chimpukutu cha mapulasitiki ndi ulusi wa masaka, cholimba ngati mpira umene ana amakulunga. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Mbuzi ndi ng'ombe zimamva fungo la mchere, la saladi kapena la kapenta papepala lija, ndiye zimameza. Chifu sichingagaye pulasitiki. Amaunjikana, malo a chakudya amachepa, chiweto chimafa ndi njala chili pakati pa msipu. Ng'ombe yolimira ikafa choncho, banja lataya khasu lake lalikulu chifukwa cha kanthu kamene mwana anataya pobwera kukantemba.

M'munda namonso mapulasitiki saola. Dzuwa limangowaphwanya kukhala tizidutswa, khasu limatifukula chaka ndi chaka, ndipo mdzukulu wanu adzatipeza. M'makomboni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu waukulu, ku Katete, ku Sinda, ku Petauke, ku Nyimba, amatseka ngalande. Amene mwafikako ku Chipata mvula itagwa mwaona zimene mtsinje wa Lunkhwakwa umanyamula. Ngalande ikatsekeka madzi amaima, ndipo m'zithaphwi zoterozo, zimene dzuwa limaombapo, ndimo udzudzu wa malungo umakonda kuikira mazira. Kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka ndi sabata imodzi kapena awiri basi. Zitini, matayala akale ndi mabotolo odulidwa amasunganso madzi a mvula ndi kuswa udzudzu wa mitundu ina. Chitini chopanda ntchito muchiboole pansi kapena muchiphwanye, tayala mulidzaze dothi.

Ena mudzati, ife timatentha, pakhomo pathu mpoyera. Zoona, maso amaona poyera, koma zinyalala zija sizinathe, zangosamukira m'mpweya umene mukupuma. Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo moto wa padzala ndi wozizira, sungamupsereze bwino. Utsi wakuda uja, wonunkha, woyabwa pakhosi, uli ndi poizoni. Mitundu ina, monga mapaipi ndi zokutira mawaya a magetsi, ikapsa imatulutsa poizoni wokhalitsa amene amagwera panthaka. Nkhuku zikapalasa paphulusa limenelo, poizoniyo amakalowa m'mazira. Amene amavutika msanga ndi khanda lili kumbuyo, munthu wa mphumu, wodwala TB ndi nkhalamba. Ndipo pali chizolowezi china chimene chafala kwambiri, chokoleza mbaula ndi pepala la pulasitiki. Limayaka msanga, ndikudziwa, makamaka malasha akanyowa. Koma amene waweramira mbaulayo akuuzira ndi mayi kapena mtsikana, nkhope ili mu utsi momwemo, ndipo posakhalitsa pa moto womwewo akuwotchapo chimanga cha ana. Zitsononkho zouma, udzu ndi tinkhuni tating'ono zimakoleza bwino lomwe. Sungani mtolo wake pamalo ouma mvula isanayambe.

Nanga tichite nawo chiyani? Choyamba n'kuchepetsa obwera pakhomo. Mu 2018 boma linatulutsa lamulo, Statutory Instrument nambala 65, loletsa matumba a pulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 30, ndiye kuti opyapyala kuposa tsitsi la munthu, aja ong'ambika musanafike ndi kunyumba komwe. Bungwe la boma loona za chilengedwe la ZEMA ndilo limayang'anira lamuloli. Anzathu a ku Malawi anaika malire awo pa mamaikuloni 60. Zoletsa zoterezi zimatheka: mukukumbukira timapaketi ta tujilijili mmene tinkadzazira m'njira tisanaletsedwe mu 2012. Koma lamulo silipita nanu kumsika. Dengu, chitenje, kapena chikwama chosoka ndi saka ya ufa ndizo zimapita nanu. Botolo la saladi mupite nalo akakupimiremo. Wogulitsa akatambasula pepala kuti aikemo sopo mmodzi, kunena kuti zikomo, ndili ndi poika, sikunyoza.

Chachiwiri n'kugwiritsanso ntchito, ndipo apa palibe amene angatiphunzitse, ndife akatswiri kale. Koloboyi ndi chitini chakale. Malegeni omangira katundu panjinga ndi chubu chotha. Zidutswa za chitenje kwa telala zimasanduka chopondera pakhomo. Matumba a shuga ndi mabotolo odula ndi abwino kufesamo mbande za mitengo ndi za matimati, ingoboolani pansi. Chigubu chaching'ono chopachika pamtengo pafupi ndi chimbudzi, chomangirira chingwe ndi kamtengo kopondapo, chimakhala posambira m'manja popanda kugwira chilichonse. Neti yakale yong'ambika itchinge nkhuku kudimba. Kumtsinje isapite, imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Zikatsalabe, pakuti zidzatsala, ndinene mosabisa: kumudzi kulibe galimoto ya khonsolo yodzatenga zinyalala, ndipo palibe njira yabwino kotheratu. Koma pakati pa kutentha, kumwaza ndi kukwirira, kukwirira ndiko kuli ndi vuto lochepa. Kumbani dzenje lakelake la zosaola, losiyana ndi la manyowa, muzipondereza ndi kuthira dothi pamwamba kuti mphepo ndi mbuzi zisatenge. Inu a m'tauni ndi m'makomboni kumene khonsolo kapena kampani imatolera, lamulo la zinyalala la 2018, Solid Waste Regulation and Management Act, linapereka udindo umenewu kwa makhonsolo, ndipo kulipira kandalama ka pamwezi n'kwabwino kuposa kutuma mwana usiku kuti akataye m'ngalande ya eni.

Pali chinyalala china chatsopano chimene ambiri timachita manyazi kuchitchula: matewera ogula. Amathandiza amayi paulendo, kuchipatala ndi kutchalitchi, sindikuwanyoza. Koma thewera lotere ndi pulasitiki wokulunga chimbudzi, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha khanda chilibe matenda. Chili nawo, kawirikawiri ochuluka kuposa cha wamkulu, chifukwa ana ndiwo amatsegula m'mimba pafupipafupi. Likatayidwa kuthengo, galu amalikokera pabwalo la mnansi, nkhumba imaling'amba, ntchentche zimaterapo n'kukatera pansima.

Za nkhumba ndinenepo, poti kuno kum'mawa timaweta zambiri ndipo zambiri zimangoyendayenda. Nkhumba ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njoka ya m'mimba yaitali ija, mazira a njokayo amasanduka timatuza toyera m'nyama, tija timati masese. Munthu akadya nyama yotero yosapsa bwino, njoka imakula m'matumbo mwake. Choopsa koposa n'chakuti mazira otuluka m'chimbudzi cha munthuyo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo, timatuza tija tikhoza kukamera mu ubongo, ndipo munthu amayamba kugwa khunyu. Madokotala akhala akufufuza matendawa m'maboma a Katete ndi Petauke. Si khunyu lonse limene limabwera motero, koma gawo lina limachokera pamenepa, ndipo limapeweka ndi chimbudzi, khola la nkhumba ndi sopo.

Choncho thewera likadetsedwa, zotsalamo zigwere m'chimbudzi, thewera lenilenilo mulikulunge ndi kulikwirira mozama m'dzenje la zosaola, dothi pamwamba nthawi yomweyo. Mukamaponya matewera m'chimbudzi, dziwani kuti saola ndipo chidzadzaza msanga. Thewera la nsalu, lochapa ndi sopo ndi kuyanika padzuwa, likadali labwino masiku okhala pakhomo, malinga madzi ochapirawo akathiridwe m'chimbudzi. Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa kuti ngakhale m'buku la Deuteronomo, mutu 23, Aisraeli ali m'misasa analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa msasa ndi chokumbira chofotserera. Nkhaniyi ndi yakale.

Kolera tonse tamuona. Mliri wa 2017 mpaka 2018 unayambira m'makomboni a Lusaka ndipo unapha anthu oposa 100. Wa 2023 mpaka 2024 unapha oposa 700, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka Febuluwale. Kolera samera m'mapepala ayi. Amachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala chikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Koma onani mmene zinyalala zimamutsegulira njira: ngalande yatsekeka, madzi asefukira, alowa m'zimbudzi, atuluka ndi uve, akalowa m'zitsime zosazama. Ntchentche nazo, m'nyengo yotentha ya Okutobala, zimachoka pa dzira kufika pa ntchentche youluka m'masiku 7 mpaka 10. Ndiye kuti dzenje losafotsera sabata imodzi laswa kale gulu latsopano. Fosholo imodzi ya dothi kapena ya phulusa masiku awiri atatu alionse imadula mzere umenewu.

Tifike pa zija ndinati n'zochepa koma zoopsa. Mlimi wa thonje, wa fodya, wa matimati, ndi aliyense amene wakhala akupopera mbozi m'chimanga chiyambire pamene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ali ndi mabotolo a mankhwala pakhomo. Mabotolowa ndi okongola, olimba, otsekeka bwino, ndipo mtima umakana kuwataya. Ndaonapo mchere, saladi, mkaka, ngakhale madzi a mwana wopita kusukulu zili m'botolo lotere. Abale anga, ngakhale mutsuke ndi sopo ndi mchenga, mankhwala ena amalowerera m'pulasitikimo ndipo amatuluka pang'onopang'ono. Njira yake ndi iyi. Botolo likangotha, mukadali kumunda, thiranimo madzi osafika theka, tsekani, khutchumulani bwino, ndipo madziwo muwathire m'pampu yopoperayo kuti akagwire ntchito pambewu. Chitani katatu. Mukatero liboleni pansi ndi mpeni kapena msomali kuti wina asadzalitole. Musalitenthe, musalitsukire kumtsinje kapena pamjigo. Aikeni onse m'saka, muipachike pamwamba m'nyumba yokiya, ndipo mufunse alangizi a zaulimi kapena amene anakugulitsani kumene akusonkhanitsa. Mbali inayo ya vuto lomweli n'kugawana mankhwala kapena palafini m'botolo la maheu. Mwana wa zaka zitatu sawerenga, amangodziwa botolo.

Mabatire nawo. Tija tating'ono tozungulira ngati batani, ta m'mawotchi ndi m'zidole zowala, mwana akameza timawotcha kummero m'maola awiri okha. Mukakayikira thamangani naye kuchipatala, musadikire kuti aoneke wodwala. A tochi ndi a wailesi musawaponye pamoto, amaphulika, ndipo ana asawaswe kuti atenge ufa wakuda uja. Asonkhanitseni m'chitini chotseka. Koma loopsa kwambiri ndi batire lalikulu la galimoto kapena la sola, limene tsopano lili m'nyumba zambiri. Mkati mwake muli asidi ndi mtovu. Dzina la Kabwe limadziwika dziko lonse lapansi chifukwa cha mtovu. Mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi, chifukwa unatsala m'fumbi limene amaseweramo. Mtovu sununkha, sumveka kukoma, ndipo mwana saoneka wodwala msanga. Umangowononga ubongo mwakachetechete, mwana n'kumavutika kusukulu osadziwika chifukwa chake. Munthu woswa batire pabwalo pake kuti asungunule mtovu akupanga Kabwe wamng'ono pakhomo pake. Batire lakufa lili ndi mtengo, ogulitsa mabatire ndi ogula zitsulo amalifuna. Lipititseni lathunthu, losaswa, loimirira, asidi ali momwemo.

Mankhwala a kuchipatala otha ntchito, ndi majakisoni a odwala shuga amene amadzibaya kunyumba, abwerere kukiliniki. Jakisoni muziika m'botolo lolimba lotseka. Malezala ndi magalasi osweka alowe m'chitini, chikadzaza chikwiriridwe mozama. Ana athu ambiri amayenda opanda nsapato.

Zogulitsa sindichedwapo, pakuti ndalama imadziitanira yokha. Mabotolo a galasi a zakumwa amabwerera kusitolo. Makasu otha, mapoto obooka, malata a dzimbiri ndi mafelemu a njinga, anyamata ogula zitsulo amafika nazo mpaka kumidzi ndi sikelo yawo. M'matauni akuluakulu mabotolo a pulasitiki amagulidwa pa kilo, amakawasungunula n'kupanga zinthu zina; kwa ife akutali phindu limaoneka pokhapokha mphakati, chigwirizano cha amayi kapena sukulu itasonkhanitsa masaka ambiri ndi kutumiza pamodzi, apo ayi ndalama yonse ithera pa thiransipoti. Chenjezo langa ndi limodzi. Mwana akabwera ndi ndalama ya zitsulo, mufunseni chitsulocho anachitenga kuti. Midzi ina yagona ndi ludzu chifukwa zitsulo za pamjigo zinapita pa sikelo.

Dzenje likhale pati? Likhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda kwake, ndipo patalike mamita 30 kapena kuposa, ndiye kuti mapazi aakulu a munthu wamkulu pafupifupi 40. Lisakhale m'dambo kapena pamene madzi ali pafupi. Mukakumba n'kuona chinyontho chikutuluka, siyani, kakumbeni pena. Litalikirane ndi khitchini ndi thandala la mbale. Kuya kwake kufike m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, ndipo mulitchinge ndi minga kapena timitengo, chifukwa dzenje lodzaza madzi a mvula lamizapo ana ongoyamba kuyenda. Ndipo musalikumbe m'malire, pansi pa zenera la mnansi wanu. Milandu yambiri imene anyakwawa amaweruza imayamba ndi zazing'ono zotere: utsi wolowa m'nyumba ya eni, madzi osamba oyenderera pabwalo la eni, galu wobwera ndi thewera.

Zinyalala sizidziwa malire a pakhomo. Inu mukhoza kusesa mpaka pabwalo kuwala, koma ntchentche yochokera kwa mnansi siipempha chilolezo. Mutu umodzi susenza denga. Boma linayesa kutikumbutsa zimenezi pamene Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa ntchito ya Keep Zambia Clean and Healthy mu 2007, ndipo mu 2018, mliri wa kolera utangodutsa, Pulezidenti Edgar Lungu anaiyambitsanso ndi kupatula Loweruka lomaliza la mwezi kuti likhale losesa. Kunena zoona, m'malo ambiri tsikulo limakumbukika pokhapokha kukubwera mlendo wamkulu. Koma mudzi suyenera kudikira kalata yochokera ku boma. Anyakwawa akaitana, anthu amabwera, monga timabwerera polambula njira ya kumanda.

Ndipo tidziyang'ane ife eni pamisonkhano yathu. Paukwati, pamaliro, pamsonkhano waukulu wa mpingo, anthu mazana amadya ndi kumwa, ndipo Lolemba m'mawa bwalo limakhala mbuu ndi mabotolo ndi mapepala, mbuzi za m'mudzimo zili kalikiliki. Komiti yokonza mwambo imasankha ophika, otunga madzi ndi olandira alendo. Isankhenso anthu awiri a zinyalala, ndi masaka awiri pakhomo lolowera, ina ya zowola, ina ya zosaola. Chimodzimodzi m'basi: botolo limene mwaponya pazenera pakati pa Nyimba ndi Luangwa lagwera m'munda wa munthu wina. Lisungeni m'chikwama mpaka mukatsike.

Mawu omaliza apite kwa azibambo. M'nyumba zambiri tsache ndi la amayi ndi ana aakazi, ndipo pakhomo pakada, mlandu umagwera iwo. Koma mayi sangapatule zinyalala ngati palibe pozipatulira. Maenje awiri aja, mpanda wake, khola la nkhumba ndi msomali wopachikapo saka ya mabotolo a mankhwala, zimenezi zikudikira khasu, piki ndi nkhwangwa zanu. Nthawi yabwino yokumba ndi Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, nthaka isanalimbe. Mukadikira Seputembala piki idzangodumpha. Dzenje la zosaola likatsala pang'ono kudzaza, lifotsereni ndi dothi lokwanira, muikepo mwala kuti wina asadzakumbepo chitsime kapena kulimapo chinangwa. La zowola likadzaza ndipo simukufuna kufukula manyowa ake, thirani dothi pamwamba ndi kubzalapo mphukira ya nthochi mvula yoyamba ikagwa.